Yunivesite Yakwera, Nanga Madzi a Pamjigo Timwe?

Mudzi wa Kamphinda,
Kuseri kwa Kabudula,
Lilongwe.
18 Novembala 2024

Kwa Wolemekezeka Mkulu wa Yunivesite Imene Yakwera Kumene,
pamodzi ndi mapulofesa onse okhala m'munsi mwanu,
Mumzinda.

Bwana,

Pa 9 Meyi chaka chatha kunabwera galimoto yoyera kuno kwa Kamphinda, yolembedwa dzina la sukulu yanu mbali zonse ziwiri. Munatsika ophunzira anu anayi ndi bambo wina wa magalasi amene anzakewo ankamutchula kuti Dokotala, ngakhale titamuonetsa bala la mwana wa aneba anati iye si dokotala wa mabala. Anatunga madzi pamjigo wathu m'timabotolo n'kutiika m'bokosi lozizira. Anajambula amayi akupopa. Kenako mmodzi wa iwo anatsegula chitini cha penti n'kulemba mtanda wofiira pasimenti ya mjigo, waukulu ngati chitseko cha khola la nkhuku. Tinafunsa tanthauzo lake. Anati abweranso kudzatiuza zonse akamaliza kuyeza. Apongozi anga anawapatsa mtedza wodzaza lichero, iwo anakwera galimoto natibayibitsa, ndipo mpaka lero ndikulemba pano tikuyang'anabe kumsewu.

Ine ndine Andrea Goliati, mkamwini m'mudzi muno, bambo wa mwana mmodzi, wina ali m'njira. Ndimalima chimanga, mtedza ndi kafodya pang'ono pamunda wa akuchikazi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, choncho mukapeza zolakwika m'kalatayi mundikhululukire, koma chonde musazilembe mtanda wofiira, poti wina tili nawo kale. Ndikudziwa kuti munthu ngati ine sayenera kulembera munthu ngati inu. Ndasamba m'manja ndisanagwire cholembera.

Ndalemba kuti ndikuyamikireni. Mwezi watha, tsiku la msika pa Nsaru, kunadutsa lole ya zimkuzamawu, atsikana akuvina pamwamba, ikulengeza kuti yunivesite yanu yalowa pa mndandanda wa masukulu apamwamba a dziko lonse lapansi. Ine ndinapitira mchere ndi sopo, koma ndinaomba nawo m'manja mpaka sopoyo anagwera m'fumbi. Anthu ankafunsana kuti kodi ndi chipani chatsopano, ena ankati ndi kampani ya mafoni. Ndinawauza monyadira kuti ayi, awa ndi anthu athu aja a penti.

A Henderson, aphunzitsi a papulayimale yathu, ali ndi foni yotsegula zinthu za kunja, ndipo ndiwo anandifotokozera nkhani ya mndandandayi. Akuti kunja kuli mabungwe amene ntchito yawo ndi kusankha masukulu monga mmene ife timasankhira fodya m'chigafa: tsamba lalitali uku, lapakati apa, long'ambika uko. Pamwamba penipeni pamakhala masukulu a ku Amereka ndi ku Mangalande, ndipo chaka ndi chaka amangosinthana mipando, chaka chino uyu, chamawa mnzake, ngati anthu a banja limodzi mukomiti ya makuponi. Akuti ena mwa iwo ali ndi chuma choposa cha dziko lathu lonse, sukulu imodzi yokha. A ku China akubwera mothamanga m'mbuyo mwawo. Muno mu Afirika akuluakulu ndi a ku Joni ndi a ku Iguputo, kwa Farao kuja. Ndinapempha a Henderson kuti andionetse inu. Anayamba kukhwekhweretsa chala pafoni. Anatsika. Anatsikabe. Batire linayamba kudandaula, iwo akutsikabe. Koma tinakupezani, Bwana. Muli m'gulu limene analemba kuti 1,501 kupita m'munsi. Akuti kumeneko sapatsa aliyense nambala yakeyake, amangomanga onse pamodzi. Ifenso timatero ndi zinyenyeswa za fodya, timazikokolola n'kuziika m'belo limodzi, ndipo sindikunena monyoza, chifukwa belo limenelonso limakwera lole imodzi ndi anzake ndipo limafika ndithu ku Kanengo.

A Henderson anati ndisaseke, poti masukulu ambiri salowa n'komwe pa mndandandawo. Sindinaseke. Ine chiyambire chaka chatha sindiseka kwenikweni.

Ndinafunsa kuti kodi osankhawo amayang'ana chiyani. Akuti amawerenga mapepala a kafukufuku amene mwalemba, ndiponso kuti anzanu ophunzira akutchulani kangati m'mapepala awo. Ichi ndinachimva msanga, poti pabawo pa Nsaru zimachitika: iwe ukanena kuti ine ndine katswiri, inenso ndimanena kuti iwe ndiwe katswiri, dzuwa likamalowa tonse ndife akatswiri. Akuti amawerenganso alendo ochokera kunja amene amadzaphunzira kwanu, ndi mbiri yanu pakati pa mabwana anzanu, ndi mmene mumathandizira anthu akumudzi. Pomalizapa m'pamene ndinadziwa kuti nafenso tilimo. Akuti pepala limene lakukankhani kwambiri ndi la madzi a m'mijigo ya kuno kwathu, ndipo latchulidwa m'mayiko ambiri. Ndiye kuti madzi athu afika ku Mangalande, pamene ine mwini wake sindinapitirirepo Dedza.

Popeza tsono tinakuthandizani kukwera, ndiloleni ndikuikireni pamaso tizinthu tingapo. Si madandaulo ayi. Ndi mathokozo, kungoti ndi ambiri, ndiye ndawapatsa manambala monga mmene inunso mumakondera.

Choyamba, zikomo chifukwa cha penti. Ndi penti wabwino zedi. Mvula yonse ya dzinja lapitali inamugwera, amayi amachapirapo, mbuzi zimadzikandapo, koma akuwala ngati wapakidwa dzulo. Chovuta n'chakuti ophunzira anu atachoka, mudzi unatsala ndi ntchito yomasulira. Alamu anga a Chikoti, amene chaka chilichonse amaperekeza fodya ku okushoni, anati nkhaniyi njosavuta: belo lawo lina litakanidwa linabwerako litakhwatchidwa mofiira chomwecho, ndiye kuti mjigo wathu wakanidwa. Wina anakumbutsa kuti nyumba za m'mbali mwa msewu zikalembedwa mtanda wofiira ndiye kuti zigwetsedwa. Apongozi anati zonsezo ndi mantha a amuna. Akuti anthu a katemera nawonso amalemba choko pazitseko posonyeza kuti pano tafikapo, ndipo palibe chitseko chinadwalapo. Ine monga mkamwini sindiyankhula pamene alamu ndi apongozi akutsutsana. Koma mumtima ndinali mbali ya a Chikoti, chifukwa m'zaka zisanu ndi zitatu zimene zinanditengera kuti ndifike Sitandade 6 ndinauona mtanda wofiira kambirimbiri, ndipo sunabwerepo ndi uthenga wabwino.

Kuyambira pamenepo mudzi uli pawiri: akumwa ndi osamwa. Pamaliro, mtsuko wa akumwa umakhala uku, wa osamwa uko. Mwana wa osamwa akamapita kukasewera kwa akumwa amayamba wamwetsedwa kwawo mpaka mimba kuti ndendende, kuti asakapemphe madzi kumeneko. Nyumba yanga ndi ya osamwa, koma ili pabwalo la apongozi, amene ndiwo mtsogoleri wa akumwa. Zotsalazo mutha kuona nokha, Bwana, ndinu ophunzira.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mafunso. Tsiku lija tinasiya kukolola n'kukhala pansi pa mtengo kuyankha. Anatifunsa kuti timapita kuchimbudzi kangati, timasamba m'manja liti, ana athu amatsegula m'mimba motani, ndipo zotulukazo zimaoneka bwanji. Zinthu zimene sindinauzepo ngakhale ankhoswe anga ndinauza mtsikana wa sukulu yanu, iye akungogogoda pafoni. Tinayankha onse, palibe limene tinalumpha. Ife tinafunsa limodzi lokha. Anatisiyira nambala ya foni, imene imatiyankha mwaulemu kwambiri kuti sikupezeka, tiyesenso nthawi ina.

Chachitatu, zikomo potilimbitsa miyendo. Kutsidya kwa dambo kuli mudzi wa Ndevu, ndipo mjigo wa kumeneko ophunzira anu anaulemba mtanda wabuluu. A Chikoti anati apa ndiye palibenso chokambirana: kufiira ndi kukanidwa, buluu ndi giredi yabwino. Osamwa tonse tinasamukira kwa Ndevu. Chilimwe chonsechi ndakhala ndikudzuka nkhuku zisanatsike, zigubu ziwiri panjinga, kuwoloka dambo, kukaima pamzere kumbuyo kwa eni mudzi, amene anayamba kuyenda atakweza mapewa ngati nawonso alowa pa mndandanda wa dziko lonse. Amatitcha a madzi ofiira. Mnyamata wina wa kumeneko amene ankafuna kukwatira kwathu kuno anabweza mawu, akuti sangakhale mkamwini pamudzi wokanidwa.

Mwezi wathawu ndinakwera kabaza wa Bester pochokera ku Kabudula. Bester ndi amene ophunzira anu ankamutuma sabata imene ija, galimoto yawo ikakanika njira. M'kucheza anandiuza kuti penti wofiira anawathera pakati pa sabata, ndipo anamutuma kuti akagule wina pa Nsaru. M'sitolo munali wabuluu yekha. Ndinamuuza kuti aime. Ndinatsika, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu kanthawi ndithu. Matayala awiri a njinga anathera pa njira ya kwa Ndevu, Bwana, ndi msana wanga womwe. Nditakawauza a Chikoti, anati Bester ndi wabodza kuyambira ali mwana, zomwenso n'zoona, ndiye panopa sitikudziwa ngati tikhulupirire Bester kapena penti.

Chachinayi, zikomo potisungira chinsinsi. A Henderson analifufuza pepala lanu lotchukalo ndipo analipeza. Lili m'Chingerezi, ndipo n'zomveka, poti madziwo mumayezera anthu a kunja. Kanangotseguka kamutu kokha. Kuti uwerenge lonse akuti ulipire ndi ndalama zakunja, zimene kuno sitilima. Koma kamutuko kananena zokwanira: akuti pa mijigo khumi iliyonse imene munayeza, inayi ili ndi zinthu zosayenera mwana wamng'ono. Iti? Sanatchule. A Henderson akuti ndi lamulo la anthu ophunzira kuti mayina a midzi asalembedwe, pofuna kuteteza ulemu wa eni ake. Ulemu wathu ndiye watetezedwa kwambiri. Pulofesa wa ku Mangalande akudziwa kuti kuseri kwa Kabudula kuli mijigo yoipa, wakutchulani m'pepala lake, inu mwakwera. Amene sakudziwa ndi mayi wotunga pamjigopo, kuopa kuti angachite manyazi.

Chachisanu, zikomo chifukwa cha chithunzi. Nditamva za Bester zija ndinagulitsa tambala n'kukwera minibasi kubwera kusukulu kwanu, kuti ndingofunsa funso langa limodzi lija ndi kubwerera. Pageti panu pali chikwangwani chachikulu kuposa khoma la tchalitchi chathu. Ndinayang'ana m'mwamba ndipo ndinaona mkazi wanga. Mariya, akupopa mjigo wathu, akuseka, mwana wathu Hilda ali kumbuyo akadali kakhanda, kamutu kokha kakuonekera m'nsalu. Sindinamuonepo Mariya wamkulu chonchija. Pamwamba pake pali mawu a Chingerezi amene mlonda anandimasulira kuti sukulu ya dziko lonse yotumikira anthu akumudzi. Ndinafunafuna mtanda uja pachithunzipo. Palibe. Pamalo pake penipeni anaikapo chidindo chagolide cha bungwe lija losankha masukulu. Amene anakonza chikwangwanicho mumukweze pantchito, chifukwa kusukulu kwanu konse ndi yekhayo amene wachitapo kanthu pa mtanda wathu.

Mlondayo anali munthu wabwino, wa ku Nambuma, tinadziwana ndi kayankhulidwe. Anandiuza kuti a Dokotala a magalasi aja ali kunja, anapita kukalandira ulemu chifukwa cha pepala la madzi; ophunzira aja anamaliza sukulu, ali kwawo; ndipo inu munali pamsonkhano wokonza mmene mungakwerere chaka chamawa. Anati ndikhoza kulemba kalata n'kuisiya mu ofesi, koma pondiperekeza anandinong'oneza kuti muofesimo makalata amagona tulo tabwino, kuli bwino ndilembe m'nyuzipepala, poti ndimo mumayang'ana dzina lanu m'mawa uliwonse. N'chifukwa chake mukundiwerenga muno. Anandipatsanso madzi a m'botolo mwake. Ndinamwa theka, theka ndinatengera Hilda.

Chachisanu ndi chimodzi sindikudziwa kuti ndithokoze bwanji, ndiye ndingonena. Hilda tsopano akuyenda, ndipo wayamba kutchula timawu. Kamodzi mwa ito ndi madzi. Nthawi yonseyi chimene chinkandilimbitsa mtima n'chakuti ankayamwa. Koma Mariya ndi woyembekezera, ndipo kuno mayi akaima, mwana amamuletsa bere. Tinamuletsa. Panopa chilichonse cholowa m'mimba mwake chadutsa m'chigubu changa: phala, tiyi, madzi akumwa. Watsegula m'mimba kawiri. Ulendo wachiwiri tinagona naye kuchipatala ku Kabudula. Anamwino anamuthandiza bwino, kenako anandifunsa kuti kodi timamwa madzi otani. Ndinayankha kuti abuluu. Anandiyang'ana ngati wodwala ndine.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu anabwera kudzauona mtandawo. Anati si wawo, ndipo palibe anawauzapo kanthu. Anatipatsa mankhwala othira m'madzi, natiuza kuti tiziwiritsa, ndipo tikutero, ngakhale nkhuni zathu ndi zitsononkho ndi mapesi. Koma ananena mosabisa kuti mankhwala ndi moto zimapha tizilombo tokha. Ngati chimene ophunzira anu anapeza ndi cha m'nthaka, kapena feteleza wolowerera pansi, ukhoza kuwiritsa mpaka poto kupserera, chimakhalabe momwemo. Iye alibe makina oyezera. Makina ali kwa inu, ndipo anayeza kale.

Apongozi amaloza ana a akumwa, onenepa, akuthamanga pabwalo, n'kunena kuti mwana ndikumudwalitsa ndine ndi madzi oyenda panjinga padzuwa. Mwina akunena zoona. A Chikoti akuti ndikabwerera kumjigo wofiira, mwana n'kudzapezeka ndi vuto patsogolo, ndisadzati sanandiuze. Mwinanso akunena zoona. Mitambo yayamba kusonkhana. Dambo likadzaza njinga siwoloka, ndipo kwa Ndevu sikudzafikika mpaka dzinja litatha. Ndiye posachedwapa ndiyenera kusankha pakati pa mjigo wa mtanda wofiira ndi zithaphwi za m'dambo. Mariya akandifunsa kuti tipanga bwanji, ndimapeza chokonza panjinga.

Ndamva kuti cholinga chanu ndi kudzalowa m'gulu la masukulu chikwi oyambirira. Ndikukufunirani zabwino zonse, a ku Amereka achenjere. Ngati pakufunika mijigo ina kuti mufikeko, ku Mpingu ndi ku Namitete iliko yambiri yosapakidwa penti, ndipo amayi odziwa kuseka pachithunzi alikonso. Ndinaganiza zoti mukauze bungwe losankhalo kuti liwonjezere kafunso kamodzi pa mafunso ake, kakuti kodi sukuluyi ikafunsa anthu imabwererako kukawayankha? Koma nditaganizanso bwino, musakaliuze. Lingakutsitseni, ndipo a Henderson akuti pansi pa pamene mulipo foni siipitirira.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wa Sitandade 6. Sindikupempha mjigo watsopano. Sindikupempha pepala lanu, poti ngakhale mutanditumizira sindingaliwerenge. Pa chithunzi cha mkazi wanga sindikupempha kanthu. Mwini wake akuti chikhale pomwepo, wakondwa kuti wafika m'tauni. Ndikungopempha kuti mvula isanagwe mubwere kwa Kamphinda inuyo mwini wake. Njira njosavuta, mukafika pa Kabudula mufunse Bester. Muvale mkanjo wanu uja ndi chipewa chathyathyathya, kuti anthu adziwe kuti kwabwera sukulu ya dziko lonse. Mpando tidzabwereka kutchalitchi. Mariya adzatsuka kapu yathu ya alendo, ine ndidzapopa ndekha, mudzi wonse ukuona, akumwa uku, osamwa uko. Simudzavutika ndi kuyankhula, kaya Chichewa kaya Chingerezi. Mudzangomwa kapu imodzi, yodzaza, mpaka pansi.

Mukadzamwa, Hilda adzamwa pambuyo panu m'kapu yomweyo, ndipo ine ndidzapita kukapepesa kwa apongozi. Mukadzati pepani ndamwa kale tiyi kunyumba, kapena dalaivala akadzathamanga ndi botolo la m'galimoto, sitidzakhumudwa ngakhale pang'ono. Tidzakuomberani m'manja, tidzakupatsani mtedza, tidzakuperekezani mpaka kumsewu, chifukwa pamenepo yunivesite yanu idzakhala itatiuza zotsatira za kafukufuku wake.

Ndine wanu, wokhala m'munsi mwa gulu la 1,501,

Andrea Goliati,
bambo ake a Hilda, mwana ali pachikwangwani chanu uja.